Munthu akapitirira zaka 60 ayenera kuzolowera chiyani, nanga apabanja amalakwitsa pati?

Mlembi wa Mphakati:

Moni nonse. Komiti yathu yoyendera okalamba ikufuna phunziro Loweruka likubwerali. Pakadali pano tikafika pakhomo pa agogo timasiya sopo, shuga ndi mchere, kupemphera, basi n'kumabwerera. Ndinamva kuti akatswiri amati msinkhu uliwonse uli ndi ntchito zake zoti munthu azikwanitse, monga mwana kuphunzira kuyenda ndi kuyankhula. Nanga za wokalamba ndi ziti? Zimasokonekera pati? Ndikufuna zogwirika zoti tikauze ana ndi zidzukulu, osati zongoti "tiziwakonda agogo".

Wa Zachitukuko:

A Mlembi, ganizo munamvalo linatchuka ndi Robert Havighurst wa pa yunivesite ya Chicago, amene anatulutsa buku la nkhaniyi mu 1948. Kwa munthu wokalamba iye anatchula ntchito 6: kuzolowera kuchepa kwa mphamvu ndi thanzi, kuzolowera kupuma pa ntchito ndi kuchepa kwa ndalama, kupirira imfa ya mwamuna kapena mkazi wake, kuvomera kulowa m'gulu la amsinkhu wake, kupeza udindo watsopano pakati pa anthu, ndi kukonza pokhala pogwirizana ndi mmene thupi lafikira.

Koma musakawerenge mndandandawu ngati malamulo khumi. Havighurst ankaona anthu a ku America olandira malipiro pamwezi, amene amatsanzikana ndi ntchito tsiku limodzi. Mlimi wa ku Dowa alibe tsiku lotere, amapuma ndime ndi ndime. Ndipo agogo ambiri aakazi kuno, m'malo mopuma, ayambiranso kulera: zaka 65 ali ndi zidzukulu zinayi zofuna phala m'mawa ndi yunifolomu.

Chimene ndimaona kuti n'chothandiza kwambiri pophunzitsa ndi njira imene Paul Baltes ndi Margret Baltes a ku Germany anaifotokoza mu 1990. Wokalamba amene zikumuyendera amachita zinthu zitatu: amasankha zochepa, amaika mphamvu zake zonse pa zimene wasankhazo, ndipo zimene thupi likukana amazipezera njira ina. Tiyerekeze ndi munda. Agogo anali kulima maekala awiri kudambo, ulendo wa ola limodzi. Kusankha ndi kusiya munda wakutaliwo, kubwereketsa kapena kupatsa mwana, n'kutsala ndi theka la ekala kuseri kwa nyumba. Kuika mphamvu ndi kuthira manyowa ndi feteleza yense pa kamundako m'malo momwaza pang'onopang'ono ponseponse, ndi kubzala ndi mvula yoyamba. Njira ina ndi khasu lopepuka la mpini wautali, kugwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka 8 koloko dzuwa lisanawawe, ndi kulemba waganyu pa kugalauza ndi kubandira pokha.

Zimalakwika mbali ziwiri. Ena amakakamira maekala onse awiri chifukwa "ndalima kuyambira nthawi ya Kamuzu", kupalira kumachedwa, udzu n'kudya feteleza, ndipo amakolola zochepa kuposa amene analima theka. Mbali inayo ndiye yofala, komanso yovuta kuidzudzula chifukwa imachokera m'chikondi: ana kulanda khasu, kulanda mtsuko, kulanda mphika, n'kumati "Agogo khalani, mwagwira kokwana." Munthu amene wakhala zaka 50 akudziwika ndi nkhokwe yake wasanduka wongodikira mbale. Sipatenga nthawi, miyendo imafooka ndipo mtima umatsatira.

Za udindo watsopano: tchulani ntchito yeniyeni. Kusunga mbewu, kuyang'anira nkhuku, unkhoswe, kulangiza, kuluka mphasa, kusunga kiyi wa bokosi la banki mkhonde. Ikhale ntchito yoti ikapanda kugwiridwa anthu aone kuti chasowa.

Chinanso, katswiri wa zamaganizo Erik Erikson ananena kuti nkhondo yomaliza ya munthu ndi yoyang'ana m'mbuyo: kodi moyo wanga unali ndi tanthauzo, kapena ndinangotaya nthawi? Ndiye agogo akayamba nkhani ya ku Joni kapena ya njala ya 1949 kachisanu, musadule ndi "munatiuza kale". Akusanja katundu wa mumtima. Funsani funso latsopano pa nkhani yakaleyo: munakwera chiyani, munatsagana ndi yani, amene munakangana naye uja ali moyo? Nthawi zambiri m'menemo ndi mmene mumatuluka m'bale amene akufuna kuyanjana naye asanamwalire, ndipo komiti ya mpingo ingathandize kuwakumanitsa.

Namwino wa Kumudzi:

Ndikugwirizana ndi a Zachitukuko pa za kulanda khasu, ndipo ndiwonjezere za thupi.

Minofu ya wokalamba imatha msanga akagona. Masiku 10 okha ali pamphasa chifukwa cha malungo kapena chibayo ndi okwanira kuti munthu amene ankapita yekha kuchigayo alephere kudzuka. Matenda amachira, miyendo osabwerera. Choncho kutentha thupi kukangotsika, akhale tsonga pa chakudya chilichonse, tsiku lotsatira ayende mpaka pakhomo, kenako mpaka pakhonde. Amene sangathe n'komwe kudzuka atembenuzidwe maola awiri alionse, apo ayi patuluka zilonda pamsana chakumunsi, m'chiuno ndi ku zidendene.

Mukapita kukayendera, yesani izi. Mpando wolimba wotsamira kukhoma, agogo apinde manja pachifuwa, aimirire n'kukhala kasanu. Akalephera popanda kugwira, kapena zikatenga masekondi oposa 15, munthuyo ali pangozi yogwa. Mankhwala ake ndi zomwezo: kuimirira n'kukhala ka 10, m'mawa ndi madzulo, ndi kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yotulutsako thukuta, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu, kuphatikiza masiku atatu pa sabata a zolimbitsa miyendo kuti asamadzandire. Kupita kutchalitchi wapansi, kusesa ndi kuthirira dimba zimawerengedwa.

Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 65 amagwa chaka chilichonse, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka ambiri sayendanso ngati kale. Kumudzi malo ogwera ndi odziwika: ulendo wa kuchimbudzi usiku, mkeka wopindika m'mphepete, sitepe yayitali ya pakhonde, miyala yoterera ya m'bafa, mapatapata okutha. Tochi izigona pambali pa mutu. Usiku pakhale chidebe cha chivundikiro m'nyumba. M'chimbudzi zikani mtengo wolimba wogwirira, ndipo kwa amene mawondo akukana kunjuta, boolani mpando wathabwa pakati n'kuuika pamwamba pa dzenje. Ndodo ifike pamfundo ya dzanja munthu ataimirira mikono ili pansi, ndipo igwiridwe mbali ya mwendo wabwino, osati wopwetekawo. Ambiri amagwira mosemphana.

Chizungulire podzuka n'chofala, makamaka kwa akumwa mankhwala a BP. Asadzuke kamodzin'kamodzi: akhale kaye m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi, agwedeze mapazi, ndiye aimirire. BP iyezedwe ngakhale sakumva kanthu. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa maulendo angapo, afunika chithandizo, ndipo mankhwalawo sasiyidwa chifukwa mutu wasiya kupweteka. Mchere usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku lonse. Ndiye a komiti, mchere mukugawawo muziuperekera limodzi ndi mawu amenewa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapiritsi a pagolosale. Msana ukapweteka, mdzukulu amatumidwa bufeni kapena indosidi, tsiku ndi tsiku, miyezi. Mankhwala amenewa amaboola chifu, amawononga impso ndipo amakweza BP. Chimbudzi chakuda bii ngati phula kwa munthu wakumwa amenewa ndi magazi, athamangire naye kuchipatala. Panado ndiye wabwinoko: awiri a 500mg, osapitirira katatu pa tsiku, ndipo wowonda kwambiri kapena womwa mowa ayambe wafunsa adokotala. Popita kuchipatala tengani mankhwala onse m'jumbo limodzi, ndi azitsamba omwe, pamodzi ndi buku lakuchipatala.

Zina zimene timangoti "ndi ukalamba" zili ndi chithandizo. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosafika ola, munthu ali maso, ndipo ambiri amaona mawa lake. Imachitika ku Nkhoma, ku Kamuzu Central ndi ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens. Kusamva nthawi zina ndi phula la m'khutu chabe. Ngati si phula, musakuwe: yang'anani nawo maso ndi maso, yankhulani pang'onopang'ono ndi mawu otsika, wailesi itazimitsidwa. Abambo amene mkodzo ukutuluka modontha kapena akudzuka kanayi usiku akayezetse prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, asadikire tsiku loti watsekeratu.

Chakudya: mano akatha, agogo amasiya nyama ndi nyemba n'kumangosusa nsima mumsuzi. Mimba imakhuta, minofu ikutha. Sinjani usipa muthire m'ndiwo, nsinjiro m'phala ndi m'masamba, chipere, dzira, soya, mkaka ukapezeka. Ludzu la wokalamba silimveka bwino, ndipo ambiri amadzimana madzi poopa kutuluka usiku. Makapu 6 mpaka 8 pa tsiku, ochuluka m'mawa ndi masana, madzulo pang'ono.

Mlangizi wa Zamalamulo:

Ine nditenge za ndalama ndi za umasiye, chifukwa ziwirizi zimakumana pa mapepala.

M'boma anthu amapuma pa zaka 60. Kwa olembedwa ntchito, lamulo la penshoni limene linayamba mu 2011 linakhazikitsa kuti bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Koma ambiri mwa amene mukuwayendera sanalembedwepo ntchito, ndipo alibe penshoni. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, si penshoni ya wokalamba aliyense. Amasankha mabanja ena osaukitsitsa okha. Muwauze zimenezi momveka kuti asamaganize kuti amfumu adya ndalama zawo pamene sanalembedwe n'komwe.

Kwa amene akuyembekeza kupuma, kukonzeka kuyambe chaka chisanafike. Afunse kuti azidzalandira zingati pamwezi, ndipo ayambe kukhalira ndalama imeneyo miyezi 6 adakali pa ntchito, yotsalayo azisunga. Pamenepo ndi pamene zimaoneka zimene ziyenera kudulidwa. Wokhala m'nyumba ya ntchito adziwe kuti adzatulukamo, ndiye denga lake likhale litatha. Wofuna kubwerera kumudzi ayambe kupitako tsopano, kumaliro, kumisonkhano ya mudzi. Munthu amene wasowa zaka 30 n'kungotulukira ndi lole ya katundu amapeza munda wagawidwa ndipo palibe womuikira kumbuyo.

Ndalama ya nthawi imodzi ija ndiye imagwetsa anthu. Imapita ku minibasi yogula kwa munthu, mwini wake sanayendetsepo bizinesi ya galimoto, dalaivala ndi kondakitala n'kumadya, injini ikafa nkhani yathera pomwepo. Ina imapita kwa abale amene amamva fungo lake msanga, ina kwa achinyamata a pafoni olonjeza kuchulukitsa. Langizo langa: miyezi itatu yoyamba asagule chachikulu chilichonse. Abweze ngongole, makamaka katapila, amalize nyumba, apatule ya matenda, yotsalayo ndiye aganize za bizinesi imene akuidziwa kale. Kusunga yonse m'nyumba kapena mu akaunti wamba nakonso n'kutaya. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anangoisunga anaona okha.

Mapepala ofunika banja lisanagwe m'maliro ndi awa. Fomu ya ku penshoni yotchula olandira munthu akamwalira iunikidwenso, chifukwa ambiri anailemba ali anyamata ndipo muli dzina la mayi awo amene anamwalira kale, mkazi ndi ana mulibe. Wilo ilembedwe, ngakhale pa pepala wamba m'Chichewa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri nazo zisaine, ndipo mbonizo zisakhale za anthu olandira chuma m'wiloyo. Chiphaso cha unzika chikhale pamalo odziwika. Mwamuna ndi mkazi onse adziwe kumene kuli akaunti, mapepala a puloti ndi amene ali nawo ngongole. Malire a munda asonyezedwe ana pamaso pa amfumu mwini wake adakayenda. Kulemba wilo si kuitana imfa, ngakhale mudzamva zimenezo pa phunziro lanu. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira, ndipo wolandidwa apite ku Victim Support kupolisi kapena kwa DC.

Pali gulu limodzi limene timaliiwala: abambo okalamba a pachikamwini. Mkazi akamwalira, bambo wa zaka 70 akasudzulidwa angauzidwe kuti abwerere kwawo, kumene anachoka ali mnyamata, kulibe munda, alongo ake anamwalira. Mayi wa pachitengwa amakumana ndi zofanana. Nkhani imeneyi ikambidwe ndi ankhoswe ndi eni mbumba onse awiri ali moyo, ndipo ana anene poyera kuti kholo lawo likhala pati.

Mlembi wa Mphakati:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Mafunso awiri otsala. Ana ambiri a m'tauni amafuna kutenga kholo lamasiye kukakhala nalo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kodi tiziwalimbikitsa? Chachiwiri, tili ndi agogo ena amene ayamba kuyenda usiku ndi kuyankhula zosamveka, ndipo anthu ayamba kunong'ona.

Wa Zachitukuko:

Pa loyamba, musalimbikitse mwachisawawa. Kumudzi agogo ali ndi anzawo a Chigwirizano kapena a Mvano, a bawo pansi pa mtengo, manda a mwamuna wawo, nkhuku zawo, ndi anthu odutsa amene amapereka moni. Ku Area 25 ali ndi mpanda, geti yokiya, ana kuntchito, zidzukulu kusukulu, ndi wailesi yakanema yoyankhula Chingerezi. Chakudya chilipo, koma ntchito ija ya kukhala ndi amsinkhu wawo ndi ya udindo zafa zonse tsiku limodzi. N'chifukwa chake pakatha sabata ziwiri amayamba "ndiperekezeni, mbuzi zanga zikuvutika".

Chisankho chachikulu chotere chisachitike m'miyezi yoyamba ya maliro. Yesani kaye ulendo wa mwezi umodzi, nyumba yakumudzi isagulitsidwe kapena kupatsidwa wina. Funso loyezera ndi ili: kodi akutha kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudya ndi kumwa mankhwala okha? Ngati akutha, ndalama ya thiransipoti ndi bwino ipite ku malata, chimbudzi chapafupi, foni yosavuta ndi munthu wotunga madzi ndi kutola nkhuni. Ngati ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi zakanika, ndiye asakhale okha, kaya iwo asamuke kaya wina asamukire kwa iwo. Kutumiza kamdzukulu ka zaka 9 kuti "kazikawasunga agogo" si yankho, mwangowonjezera pakamwa pena podyetsa.

Komiti yanu ingathandize kwambiri pa nthawi. Pamaliro anthu amadzaza bwalo, koma akameta onse amabalalika, ndipo miyezi 6 yoyamba ndi imene wamasiye amadwala kapena kutsatira mnzake. Abambo ndiwo amavutika mwakachetechete: ambiri sadziwa kuphika, ndipo maubale onse ankayendetsa ndi mayi. Gawanani masiku kuti pakhomopo pafike munthu kawiri pa sabata kwa miyezi imeneyi, ndipo wofikayo adye nawo, asangosiya chakudya.

Namwino wa Kumudzi:

Pa funso lachiwiri, choyamba funsani apabanja kuti zinayamba liti. Yankho lake limalekanitsa zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza.

Ngati dzana anali bwino, lero sakuzindikira ana, akuona zinthu zosaoneka, masana akugona usiku akubalalika, amenewo ndi matenda a m'thupi amene akwera kumutu: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kapena wokwera, kuchepa madzi, kapena mankhwala atsopano. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale atadwala kwambiri, kubalalikako ndiko chizindikiro chokha. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ambiri amabwerera mwakale. Pakamwa pakapotoka, mkono ukalefuka kapena mawu akalemera mwadzidzidzi, ndi sitiroko, osadikira kuti kuche.

Ngati zakhala zikukula pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka, kufunsa funso lomwelo kakhumi, kusiya mphika pamoto, kusochera panjira ya kumjigo, kunena kuti wina waba ndalama imene abisa okha, amenewo ndi matenda oiwala a muubongo. Kuiwala pamene waika fodya n'kwa aliyense. Kuiwala kuti fodya ndi wa chiyani ndiye matenda. Mankhwala ochiza palibe, koma chisamaliro chimasintha zambiri. Tsiku liziyenda mofanana, katundu asasunthidwe, munthu wowasamala asasinthesinthe. Musakangane nawo. Akati akupita kwa amayi awo, amene anamwalira kalekale, musati "anafa", chifukwa amva malirowo ngati atsopano. Nenani "tiyeni timwe kaye tiyi", muyende nawo pang'ono n'kubwerera. Kusakhazikika kumakula dzuwa likamalowa, ndiye ayende ndi kugwira kantchito masana, monga kutongola chimanga kapena kusankha nyemba, nyali iyatsidwe kusanade, ndipo pachitseko mangani kabelu kapena zitini. Musawamange ndi chingwe kapena kuwatsekera okha m'nyumba muli moto. Sokererani kansalu ka dzina la mudzi ndi nambala ya foni ya mwana mkati mwa malaya.

Chachitatu ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, amene amafanana ndi kuiwala: sakudya, sakusamba, asiya kutchalitchi, akungoti "ndatsalira chiyani ine". Zikapitirira sabata ziwiri tsiku ndi tsiku, kapena akatchula zodzipha, apite nawo kuchipatala cha boma kwa a zamaganizo, ndipo mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba. Amenewa amachizika.

Kunong'ona mukunenako musakuchedwetse. Gogo wopezeka usiku pakhomo pa eni, mwina osavala, akafunsidwa ndi gulu laukali amavomera chilichonse, ngakhale ufiti, chifukwa sakumvetsa funso. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Sabata ino yomwe, mmodzi wa apabanja ndi mmodzi wa komiti atenge agogowo akaonedwe kuchipatala, adokotala alembe m'buku, kenako bukulo lipite kwa amfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi. Anansi auzidwe kuti akawaona usiku awagwire dzanja n'kuwaperekeza kwawo, ndipo adziwe chitseko choti agogode.